Thumba lofiira la alamu a Birkha

Kapan, Kathmandu

Okondedwa achemwali anga a Sunmaya,

Moni kwa inu ndi onse kumeneko ku Chheskam. Kaya muli bwanji? Kaya amayi chifuwa chija chinawasiya, nanga ana akupita kusukulu? Ndamva kuti mawere achita bwino chaka chino, ndathokoza. Ine kuno ndili moyo, ndipo amuna anu, alamu anga a Birkha, nawonso ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti zotsatirazi muwerenge mutakhala pansi, mtima uli m'malo.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa mlomo wanga ndi wotupa, ndikamalankhula ndikumveka ngati woledzera. Komanso ine ndi alamu tikugona chipinda chimodzi, foni ikangolira iwo atchera kale khutu. Zimene akhala akukuuzani, zoti sanabwere kuchikondwerero cha Dasai chifukwa ntchito inachuluka, si zoona. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni kanthu. Ndapirira mpaka pano, koma zimene zachitika sabata yathayi zandikulira.

Mukukumbuka mmene anasangalalira atamva kuti kampani yathu yoperekeza alendo kumapiri yawasankha kukwera pamwamba. Zaka zonsezi akhala akusenza katundu mpaka m'tsinde mwa phiri n'kubwerera, pamene anzawo okwera pamwamba amatsika ndi dzina. Ulendo uno anawauza kuti azikanyamula mabotolo a mpweya kupita nawo kumisasa ya pamwamba pa phiri la Manaslu. Tsiku limenelo anagula nyama ya nkhumba, tinadya mpaka kumasula malamba. Nsapato ndi jekete anawapatsa kukampani, koma thumba logonamo anati aliyense adzipezere yekha.

Ndiye tinapita awiri ku Thamel, kukasitolo kena ka m'kanjira kakumbuyo komwe ife antchito timagula za kaunjika zimene alendo amasiya akatsika phiri. Mwini wake ndi bambo wina wonenepa, mphete chala chilichonse, ndipo aliyense amangomutchula kuti Sahuji. Atationa anatambasula manja n'kutitcha mafumu a mapiri, n'kutiitanitsira tiyi.

Ine ndine wa kukhitchini, pamwambapo sindinagonepo. Koma ndawathirira tiyi okwera mapiri kwa nthawi yaitali, ndipo makutu ndili nawo. Amati thumba labwino ndi la nthenga zofewa za pachifuwa pa tsekwe. Ukalifinya m'manja n'kulisiya, lizitukumuka lokha msangamsanga. Likhale ndi chipewa chomanga ndi chingwe kuti panja pangotsala mphuno, ndi kamtsamiro kozungulira khosi, ndi kena kotchinga mphepo kuseri kwa zipi. Lisakule kwambiri, chifukwa malo opanda kanthu amadya kutentha kwa thupi. Amatinso nambala yolembedwa pakansalu usaikhulupirire, telala aliyense angathe kusokerera.

M'mulu wa pakona ndinapezamo lina lotero. Linali lobiriwira mofwifwa, zigamba ponseponse, lonunkha parafini ndi masokosi a munthu wina. Koma nditalifinya linadzuka ngati lamoyo. Alamu analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti linali la yani. Sahuji anaseka n'kunena kuti linali la mlendo wina amene sakulifunanso. Alamu analiponya pansi ngati lawaotcha.

"Sakulifunanso bwanji? Anafera momwemo eti? Iwe Jitman, ukufuna undikulunge m'nsalu ya maliro ndikadali moyo kuti utenge mbuzi zanga?"

Pamenepo Sahuji anatsitsa lina limene linapachikidwa kudenga. Lofiira, latsopano, lonyezimira ngati chovala cha mkwatibwi, ndi nambala yaikulu pachifuwa. Anati limeneli ndi la kuzizira kumene kumaswa miyala, ndipo munthu akagonamo amatuluka thukuta mpaka kuchita kupempha mphepo. Ine nditalifinya linachedwa kudzuka, ndipo m'kati ndinamva tolimba ngati timitengo. Ndisananene n'komwe, Sahuji anandimenya padzanja.

"Wophika iwe, ukuyesa ndi ufa wokanda umenewo? Chotsa manja a mafuta!"

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndisiye za amuna, ine ndimadziwa anyezi basi. Kenako analowa m'thumbamo pansi pomwepo, ndi nsapato zomwe, n'kundiuza kuti ndiwajambule. Chithunzi chimene anakutumizirani chija, akuseka mutu wokha uli panja, ndi cha tsiku limenelo. Tinatuluka nalo lofiiralo.

Pamsasa wa m'tsinde, kumene ine ndimaphika, thumbalo linkaoneka ngati lili bwino, poti kumeneko timagona ambiri ndipo timafundanso mabulangete. Itakwana nthawi yokwera, kapitawo anawaphatikiza alamu ndi a Nurbu, bambo wamkulu wa ku Rolwaling, wamfupi, wosalankhulalankhula, amene wakwera mapiri ambiri moti anasiya kuwerenga. Ananyamula mabotolo awo n'kukwera. Atafika pamsasa wa pamwamba, mphepo ya mkuntho inagwa ndi chipale chofewa, njira yotsikira inatsekeka. Ife m'munsi tinkangozungulira wayilesi ya kapitawo, yomwe inkangoti tswee, osamveka mawu. Ndinapsereza mpunga kawiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula.

Zimene zinachitika m'tentimo anandiuza ndi a Nurbu eni ake, dokotala akuwasoka khutu. Akuti mpweya wa m'kamwa mwawo unkaundana kudenga la tenti, mphepo ikagwedeza n'kumawagwera ngati mchere. Thumba la a Nurbu linkangokutumula, koma lofiira lija linamwa madzi, za m'kati mwake n'kugwirana mibulumibulu, kusiya nsalu ziwiri zokha pakati pa munthu ndi ayezi. Alamu ananjenjemera tsiku lonse osadandaula, mukuwadziwa amuna anu. Mawa lake anasiya kunjenjemera, n'kuyamba kubwebweta. Ankakuwa kuti nkhumba zalowa m'munda, ankakuitanani inuyo kuti mutseke chitseko.

Kenako akuti anadzuka, n'kuwayang'ana a Nurbu ndi maso achilendo.

"Tuluka m'thumba langa, wakuba iwe."

A Nurbu anayesa nthabwala, anaseka. Alamu anawalumphira. Anawagwira pakhosi ndi manja onse awiri, ndipo poti a Nurbu anali atadzitsekera m'thumba mpaka m'khosi, analibe dzanja lodzitetezera. Anangogubuduka. Kasitovu kanagwa, madzi amene ankasungunula n'kutayika. Alamu atalephera kutsegula zipi ndi zala zouma, anagwiritsa mano, ndipo chimene mano anapeza ndi khutu la a Nurbu. Analuma mpaka chidutswa kuchoka. Atatero anatola kankhwangwa kokwerera phiri n'kukakweza m'mwamba. Mwamwayi nsonga yake inakodwa kudenga, n'kung'amba tenti, mphepo n'kulowa. M'kanthawi kameneko a Nurbu anatulutsa dzanja limodzi, n'kugwira poto wosungunulira ayezi, n'kuwamenya alamu pamphumi. Sanagwe. Anawamenyanso ndi mphamvu zonse, ndiye anagwa.

Achemwali, chimene a Nurbu anachita pambuyo pake ndi chimene ndikufuna muchisunge. Magazi akutsika m'khosi n'kumaundana, anatseka pong'ambika paja ndi chikwama, anawavula alamu zonyowa zonse, n'kuwakokera m'thumba lawo lomwelo limene amamenyanira. Zipi inakana kutseka anthu awiri, ndiye anazunguliza chingwe n'kumanga. Anakhala choncho, chifuwa ndi msana, mpaka mphepo inaleka ndipo anzawo anakwera kukawatenga. Ndinawafunsa ngati sanaope kuti munthuyo akadzuka ayambiranso. Anati poto anali naye pafupi. Anawonjezera kuti iwo akwatira kawiri, koma sanagonepo ndi munthu waukali chonchi.

Atawatsitsa, ine ndi amene ndinawavula alamu masokosi. Zala za kumapazi zinali zoyera ndi zolimba ngati kandulo, ndikazigogoda n'kumamveka. Helikopita inawatenga, ine ndinatsatira pa galimoto. Kuchipatala anadikira masabata angapo kuti aone pomwe moyo ubwerere. Zala zinatupa, n'kuda bii, n'kuyamba kununkha. Pomaliza anadula. Phazi lamanzere linatsala ndi chala chachikulu chokha, lamanja anachotsako ziwiri. Za m'tenti muja alamu sakukumbuka chilichonse. A Nurbu atabwera kudzawaona ali ndi bandeji kukhutu, alamu anafunsa kuti chawaluma n'chiyani. A Nurbu anayankha kuti ndi galu wa ku Chheskam, n'kuwapatsa malalanje. Zenizeni anawauza ndi anzawo ena opanda chifundo, ndipo kuyambira tsiku limenelo alamu anasiya kuseka.

Titabwerera kuchipinda chathu kuno, anandiuza kuti nditulutse thumba lija m'chikwama. Anatenga khukuri yawo, chimpeni chopindika chija, n'kuling'amba kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Zimene zinatulukamo, achemwali, ndi nthenga za nkhuku zokhala ndi timitengo take, zina ndi magazi ouma, zidutswa za nsanza, tizidutswa ta matiresi, ngakhale tsitsi. Mawa lake anayamba kunola khukuri pamwala wa pawindo. Ndinkati ndikamapita kumsika akunola, ndikamabwera akunola. Ndikafunsa, ankati mpeni wachita dzimbiri. Ndinaubisa pansi pa thumba la mpunga, koma m'chipinda chimodzi mungabise chiyani?

Sabata yatha ndinapita kukagula mphodza. Pobwera ndinapeza bedi lopanda munthu. Ndodo zoyendera palibe, khukuri palibe, ndi thumba long'ambika lija palibenso. Ndinawaimbira a Nurbu, anabwera ndi njinga yamoto ya mphwawo, tinathamangira ku Thamel dzuwa lili pamutu. Tisanafike n'komwe tinaona nthenga zikuuluka m'kanjira konse, anthu atadzaza, ena akujambula ndi mafoni.

Tinapeza alamu atakhala pa tebulo la m'sitolomo, miyendo ya mabandeji ili lendelende. Ankakoka matumba kudenga limodzilimodzi, n'kulitumbula ndi khukuri, n'kuliponya panja. Ankakuwa kuti anthu aone nkhuku zimene Sahuji amagulitsa, abwere ndi mapoto adzaphike. Sahuji anali atapanikizika pakona, akukuwa kuti misala, misala, itanani apolisi. Tikulowa, analowanso amuna awiri, achibale ake a Sahuji, wina atanyamula chitsulo chachitali chokokera chitseko cha sitolo. Sanalimbane ndi mpeni. Anangoona mabandeji, n'kumenya pomwepo, paphazi lamanzere.

Kulira kumene analira alamu sindinakumvepo kwa munthu. Khukuri inagwa, iwo n'kugwa kuchokera pa tebulo. Munthu uja anakwezanso chitsulo, ine n'kudziponya pakati. Chinandipeza pakamwa. Ndinamva ngati mwala wasweka m'mutu, ndinalavula dzino ndi magazi. Mnzake anandiponda m'nthiti ndili pansi. A Nurbu, ufupi wawo womwewo, anamudumphira wachitsuloyo n'kumugunda ndi mutu pamphuno, ndipo onse awiri anagwera m'mulu wa majekete, akumenyana zibakera. Winayo ndinamugwira mwendo n'kuukumbatira, akundimenya kumsana ngati akupuntha mawere, koma sindinamusiye.

Tonse tinawaiwala alamu. Iwo anakwawa ndi zigongono, magazi akutsata kumbuyo, mpaka pakona pamene panali Sahuji. Anamugwira akakolo n'kumugwetsa. Inu mukudziwa manja a munthu amene wasenza katundu moyo wake wonse. Anamukhalira pachifuwa, n'kumuveka kumutu chipewa cha thumba lofiira lija, n'kuzunguliza chingwe chake pakhosi, n'kukoka.

"Tuluka thukuta tsopano! Pempha mphepo, Sahuji! Pempha!"

Miyendo ya Sahuji inaphupha, ikugunda makatoni. Mphete zake zinkakanda nkhope ya alamu mpaka kutuluka magazi, iwo osaphethira n'komwe. Kenako manja aja anayamba kufooka, miyendo n'kumachedwa, ndipo pansi panayenderera mkodzo. Ndinakuwa ndi pakamwa pothyokapo kuti alamu, kumbukirani ana, alamu, mupha munthu. Sanandimve. Maso awo anali ngati mmene a Nurbu anawafotokozera a m'tenti muja.

A Nurbu anadzuka pamene anali, mphuno ikuchucha, n'kutola khukuri pansi. Ndinayesa kuti zathera pomwepo. Koma anagwada, n'kulowetsa nsonga pakati pa chingwe ndi khosi, n'kudula. Sahuji anakoka mpweya ndi mkokomo ngati njati, n'kuyamba kusanza m'chipewamo. Alamu anatembenuka, chibakera chili m'mwamba, kuti amenye amene wawalanda nyama yawo. A Nurbu sanathawe. Anaika mpeni kumbuyo, n'kupendeketsa mutu, kuwaonetsa khutu labwinolo.

"Luma ilinso, mphwanga, kuti afanane."

Chibakera chija chinakhala m'mwamba kanthawi, kenako chinatsika chokha. Alamu anagwetsa mutu pamaondo a a Nurbu n'kulira ngati mwana, pamaso pa anthu onsewo, nthenga zitamatirira m'magazi kumaso kwawo.

Panjapo panali patasonkhana osenza katundu ambiri. Ankatola zotuluka m'matumba zija, n'kumanunkhiza, n'kumapatsirana. Ena mwa iwo anagulanso pomwepo, ndipo wina anavula nsapato kuonetsa anthu phazi lake lopanda zala. Miyala inayamba kugwa pamagalasi. Achibale a Sahuji aja anathawira pakhomo la kumbuyo. Apolisi akanachedwa pang'ono, sitoloyo akanaiotcha ndi ife tomwe tili m'kati.

Anatitengera tonse kupolisi, alamu n'kuwapititsa kuchipatala. Ine ndi a Nurbu tinagona m'chitokosi, mawa lake anatitulutsa. Sahuji ali moyo, ali ndi mkanda wakuda pakhosi ndipo akulankhula monong'ona. Anakana kukasuma, poti mlandu ukanapita kukhoti akanafunsidwa za nkhuku zake. Sitolo yatsekedwa, koma ndamva kale kuti katundu wotsala wasamukira kwa mlamu wake kumsewu wina, matumba ofiira omwewo, ndipo nyengo yokwera ikadzafika anthu adzagula. Dokotala anawakalipira kwambiri alamu. Chitsulo chija chinaphwanya chala chachikulu chimene chinatsala, ndipo nachonso achotsa.

Tsopano ali pano, agona chagada, akuyang'ana kudenga. Khukuri anatenga a Nurbu, akuti adzabweza alamu akadzakhala ndi zidzukulu. Amabwera pafupifupi tsiku lililonse, amakhala pamphepete pa bedi n'kumasenda malalanje. Kampani yati alamu akachira ingawapatse ntchito yosunga katundu m'nyumba yosungiramo, koma iwo akuti sanabadwire kulondera zingwe. Chakudya akungogwiragwira. Dzulo ndinawaphikira nyama ya nkhumba ndi nsungwi zowawasa monga mumaphikira inu, anangonunkhiza n'kutembenukira kukhoma.

Ndinawauza kuti ndikulemberani. Anati ndikatero akadziponya mumtsinje wa Bagmati. Ndinawayankha kuti Bagmati masiku ano madzi ake ndi a m'akakolo, angodzidetsa mabandeji. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono ngati afuna kuseka, kenako anatulutsa chimene chikuwadya mumtima. Anati mwamuna amene sangakwere m'minda yathu ya pamtsetse, amene sangasenze dengu la manyowa, akapita kwa Sunmaya akakhala chiyani, mwana wachitatu? Anati inu munakwatiwa ndi munthu wa miyendo. Yankho la funso limeneli si langa, ndi lanu.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Bwerani mudzawatenge. Ana muwasiyire amayi, mutsikire ku Bung mukakwere galimoto ya jipi, ine ndidzakuchingamirani pomwe imaimira. Ine ndatha mawu, a Nurbu nawo achita mbali yawo kawiri konse, ndipo sindikudziwa ngati kachitatu adzakhala pafupi. Mudzawakalipire ngati mukufuna, akuyenera, ndipo mwina mawu anu okalipa ndi amene akuwasowa. Koma chinthu chimodzi ndikupemphani. Mukadzalowa pakhomo, maso anu adzafuna kuthamangira kumapazi, monga amachitira aliyense wobwera muno, ndipo iwo adzakhala akukuyang'anani kuti aone. Musadzayambire kumeneko. Mudzayambe mwawayang'ana kumaso.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze pang'onopang'ono, za dzino langa musatchule. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa apongozi anu, ndi kwa onse apabanja. Ana muwagwire m'mutu m'malo mwanga, muwauze kuti bambo awo akubwera ndipo ulendo uno akhalitsa.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani,

Jitman